MAGAZI OCHINGA MALUNGO SACHINGA DENGUE

Mabasi ocokera ku Chipata, Katete, Petauke ndi Nyimba amalowa mu Lusaka kudzera pa Chelstone, natsika ndi mseu wa Great East Road kupitirira Chainama, mpaka kukaima pa Intercity pakati pa mzinda. Pakati pa anthu otsika pamenepo ndi matumba a nshawa ndi nkhuku zomangidwa miyendo, kawirikawiri pamakhala mai wobereka mwana wofooka, wa maso acikasu, kalata ya ku cipatala ca kwao ataimanga pa nsonga ya citenje. Ulendo wace ndi wa ku cipatala cacikuru ca UTH, kumene kuli madotolo a matenda a magazi ochedwa sickle cell. Pogona adzapapeza kwa mlongo wace ku Kabwata, kapena kwa mphwace amene agwira nchito ya m'nyumba ku Woodlands kapena ku Kabulonga.

Mai wotere amafika ndi mau awiri amene amamulimbitsa mtima. Oyamba ndi akuti mu Lusaka mulibe malungo. Aciwiri, amene ena anawamva pa wailesi kapena kwa aphunzitsi, ndi akuti pa banja la magazi a sickle cell malungo salimbapo. M'mau onse awiriwa muli coonadi ndithu, koma ndi coonadi ca mbali imodzi. Udzudzu suli wa mtundu umodzi, ndipo malungo si matenda okhawo amene udzudzu umasenza.

MBEU ZIWIRI

M'magazi a munthu muli timbale ting'onoting'ono tofiira, tosaoneka ndi maso, timene madotolo amaticha maselo ofiira. Nchito yace ndiyo kusenza mpweya wabwino kucokera m'mapapo kunka nao m'thupi monse. Mwa anthu ambiri timbaleti ndi tobulungira ndi tofewa, ndipo kamodzi kamakhala masiku 120 kasanafe. Mwa mwana wa sickle cell, mpweya kapena madzi zikacepa m'thupi, timbaleti timauma ndi kupindika ngati cikwakwa comwetera udzu, ndipo dzina la Cingerezi la matendawa linacokera ku cikwakwa comweco. Timbale topindika timakodwa m'mitsempha ing'onoing'ono monga zinyalala zimatsekera ngalande ya m'dimba. Magazi akaleka kuyenda, mwana amacezera kulira ndi kupweteka kwa mafupa. Timafanso msanga, patangopita masiku 10 kapena 20, ndipo cifukwa ca ici mwanayo amakhala wocepa magazi masiku onse. Zizindikiro zimayamba kuoneka mwana ali ndi miyezi ngati isanu ndi umodzi, makamaka kutupa kwa manja ndi mapazi.

Munthu aliyense amalandira mbeu ziwiri za magazi ace, ina kwa atate, ina kwa amai. Mbeu ya masiku onse madotolo amailemba A, ndipo mbeu yopinda maselo amailemba S. Wolandira A kwa kholo limodzi ndi S kwa linzace amalembedwa AS. Iyeyu sadwala, amalima ndi kukalamba monga wina aliyense, ndipo ambiri amafa osadziwa kuti anali nayo. Wodwala ndi uja walandira S kwa makolo onse awiri, wolembedwa SS.

Kwa Acewa mwana ndi wa kucikazi, wa mbumba ya amalume ace. Kwa Angoni ndi wa kucimuna. Magazi sadziwa mwambo uliwonse wa iyi, pakuti mwana wa SS sangabadwe popanda mbeu ya atate ace. Mwamuna amene apitikitsa mkazi namuuza kuti matendawa ndi a kwanu, akukana cinthu cimene theka lace liri m'thupi mwace momwe. Ngati onse awiri ali AS, pa mimba iriyonse pali mwai umodzi mwa inai wakuti mwanayo adzakhala SS. Izi sizitanthauza kuti mwana wacinai ndiye adzadwala iai. Maere amagwa mwatsopano pa mimba iriyonse, kotero kuti banja lina libereka ana asanu ndi mmodzi onse amoyo wabwino, pamene lina liona ana awiri otsatana akudwala, anthu nayamba kulozana zala za ufiti.

CIMENE DOTOLO ANAONA KU BALOVALE

Nanga mbeu yopha ana cotere inaculuka bwanji osatha? Yankho linayamba kuonekera m'dziko lino lomwe la Zambia. M'caka ca 1946 dotolo wa boma la atsamunda, E. A. Beet, amene anali ku Balovale, boma limene lero lichedwa Zambezi, analemba za odwala amene anawapima magazi. Mwa anthu a maselo opindika, pafupifupi 10 pa 100 alionse anali ndi tizirombo ta malungo, koma mwa anzao ena onse anali 15 pa 100. Kusiyanako kunali kwakung'ono, ndipo akatswiri a kunja sanakusamale kwenikweni. Mu 1949 dotolo yemweyo, atatsata mibadwo ya mabanja a Alala m'boma la Serenje, anasonyeza kuti wodwala ndi amene walandira mbeu kwa makolo onse awiri. Caka comweco James Neel wa ku America anapeza cimodzimodzi, ndipo mabuku ambiri amachula iyeyo kuposa dotolo wa ku Serenje. Kenaka mu 1954 Anthony Allison, atapima anthu a ku Kenya ndi Uganda, anatsimikiza kuti mbeu ya S ndi cishango ca malungo.

Cishangoco cimagwira motere. Kacirombo ka malungo kakalowa m'thupi kamayamba kabisala m'ciwindi, kenaka kamaboola selo lofiira ndi kukhala m'kati mwace, kudya ndi kuswana momwemo. Mwa munthu wa AS, selo lolowedwa ndi kacirombo limapindika msanga, kapamba naligwira ndi kuliononga pamodzi ndi mlendo wace. Kufufuza kwa ku Kilifi m'dziko la Kenya, kofalitsidwa mu 2005, kunapeza kuti ana a AS amapulumuka ku malungo oopsa, aja okomola ndi otha magazi, pafupifupi kasanu ndi kanai mwa khumi. Malungo amawagwira ndithu, koma sawapha kawirikawiri. M'midzi ya makolo akale, kumene malungo anali kutenga ana caka ndi caka, ana a AS ndiwo anali kutsala, nakula, nabereka, mbeu nifalikira. Kupima kocitika ku Migodi kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 kunapeza mbeuyi mwa anthu pafupifupi 18 pa 100 alionse, ndipo iri yoculuka koposa m'zigawo za kumpoto, kufupi ndi Congo.

Walira mvula walira matope. Mbeu imodzi icinjiriza, ziwiri zipweteka, ndipo mwana wa SS alibe pothawira. Kwa iye malungo ndi mdani wamkuru, pakuti amatsiriza magazi amene anali ocepa kale. Malemu Profesa Chifumbe Chintu, dotolo wa ana wa pa UTH amene anamwalira mu 2017, analemba pamodzi ndi mnzace mu 1994 za ana a sickle cell ofera m'cipatalaco, nasonyeza kuti ambiri anali osakwana zaka zisanu, ndi kuti matenda ogwira mwana kucokera kunja ndiwo anali kutsogola pa zifukwa za imfa zao. Tsono mai wa pa Intercity uja, mau akuti banja lace limakana malungo ndi oona kwa iye mwini ndi kwa mwamuna wace, koma osati kwa mwana amene ali kumsana.

UDZUDZU WA USANA

Udzudzu wa malungo, wochedwa Anopheles, umaluma usiku ndipo umaswana m'zithaphwi ndi m'madambo. Koma ulipo wina wochedwa Aedes, wakuda wa mawangamawanga oyera m'miyendo, umene umaluma usana, makamaka m'mawa ndi cakumadzulo dzuwa lisanalowe. Uwu sufuna dambo. Umakonda madzi oyera oima m'ziwiya za anthu, monga mgolo, ndowa, citini cotayidwa ndi tayala lakale. Umasenza matenda a dengue, chikungunya, Zika ndi yellow fever.

Matenda anaiwa samadza ndi kacirombo konga ka malungo, koma ndi tizirombo ta mtundu wina tochedwa vairasi, a gulu lija la tizirombo ta cikuku ndi ta Edzi. Vairasi sangathe kuswana payekha. Ayenera kulowa m'selo lamoyo ndi kulanda zipangizo zace kuti zimupangire ana. Selo lofiira likakhwima liribe zipangizo zotero, liri ngati thumba cabe losenzera mpweya, kotero vairasi wa dengue alibe nalo nchito. Iye amalowa m'maselo a pakhungu, m'maselo oyera amene ali asilikari a thupi, ndi m'ciwindi. Diwa locheredwa pa una wa mbewa siligwira njiwa youluka pamwamba. Msampha wa mbeu ya S uli m'kati mwa selo lofiira, pa njira ya malungo, ndipo vairasi sadzera njira imeneyo. Munthu wa AS alibe cifukwa coganizira kuti magazi ace adzamupulumutsa ku dengue.

Kwa mwana wa SS nkhaniyi ndi yoipa koposa, ndipo umboni wace unacokera ku zisumbu za ku Caribbean, kumene kuli zidzukulu za anthu otengedwa ukapolo mu Africa. M'caka ca 1981 mliri wa dengue unagwa m'dziko la Cuba. Anthu oposa 340,000 anadwala, 158 anafa, ndipo 101 a akufawo anali ana. Madotolo a kumeneko ataunika za akufa anapeza cinthu codabwitsa: anthu akuda ambiri sanali kudwala moopsa monga azungu, koma odwala sickle cell, amene ambiri a iwo ndi akuda omwewo, anali m'gulu la anthu amene dengue inawakanthitsa, pamodzi ndi a mphumu ndi a shuga. Ku Jamaica, madotolo anawerenga odwala sickle cell 40 amene anapezeka ndi dengue pakati pa 2010 ndi 2012. Asanu anafa, ndiko kuti mmodzi mwa asanu ndi atatu. Mwa anthu ena onse a m'dzikomo ogwidwa ndi dengue, akufa sanakwane mmodzi pa 200.

Cifukwa cace ncosavuta kumva. Dengue ikakula imacititsa mitsempha kudontha ngati mtsuko wong'aluka, madzi a m'magazi natulukira kunja, magazi otsala nakhala ngati phala lolimba. Onjezanipo kutentha kwa thupi ndi kusanza. Zonsezi ndi zomwe zija zimapinda maselo a mwana wa SS, ndipo matenda awiri amayamba kuthandizana. Dotolo nayenso amakhala pakati pa moto ndi madzi. Mwa wodwala wina aliyense iye amadziwa kuti ngozi yafika poona kuti magazi ayamba kulimba pa cipimo, koma mwa mwana wocepa magazi kale cipimoco cingaoneke ngati cabwino pamene zinthu zaipa. Akacepetsa madzi a diripi maselo apindika, akaculukitsa madziwo adzaza m'mapapo.

Palinso msampha wina wa pakhomo. Dengue imapweteka mafupa, mfundo ndi kuseri kwa maso, ndipo kwa makolo kupwetekako kumafanana ndi kuja anakuzolowera. Cotero amathamangira mankhwala a masiku onse, brufen, diclofenac kapena aspirin. Kwa wodwala dengue mankhwala amenewa ndi oopsa, pakuti amathandiza magazi kutuluka m'nkhama, m'mphuno ndi m'mimba. Panadol ndiye wololedwa, pa muyeso wace.

Mbeu ya S si yokhayo imene malungo anasiya m'magazi a anthu a mu Africa. Ena amabadwa ndi maselo ofiira operewera kanthu kochedwa G6PD, kamene kamalimbitsa selo. Mbeu iyi mwana wamwamuna amailandira kwa amai ace, ndipo imavuta amuna kuposa akazi. Nayonso imathandiza pa malungo, koma maselo otere amasweka munthu akamwa mankhwala ena monga primaquine, kapena akagwidwa ndi matenda otentha thupi, dengue yomwe. Cizindikiro cace ndi mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Mu 2008 akatswiri a ku Taiwan anaona kuti vairasi wa dengue amaswana bwino koposa m'maselo oyera otengedwa kwa anthu operewera G6PD. Ngakhale gulu la magazi, lija amalemba pa khadi la wopereka magazi, liri ndi mbali yace: gulu la O limacepetsa malungo oopsa, pamene ku Thailand mu 2007 anapeza kuti ana a gulu la AB anali kudwala dengue moopsa ikawagwira kaciwiri.

KODI MATENDAWA ALIMO M'ZAMBIA?

Alimo, ndipo si alendo a dzulo. Mu 1959 ku Luanshya kunagwa matenda otentha thupi ndi opweteka mfundo, amene dotolo wa kumeneko anawaganizira kuti ndi chikungunya. Dzina limeneli ndi la cinenero ca Amakonde a kum'mwera kwa Tanzania, kumene matendawa anadziwikira mu 1952, ndipo linena za kupindika kwa munthu woyenda cowerama cifukwa ca ululu. Mu 2013 a Unduna wa za Umoyo anapima anthu oposa 3,600 m'zigawo za Kumadzulo ndi Kumpoto ca Kumadzulo, napeza kuti anai pa 100 alionse anali ndi cizindikiro m'magazi cakuti anakumanapo ndi dengue. Kufufuza kwina kofalitsidwa mu 2020, kwa asodzi ndi mabanja a ku dambo la Lukanga m'cigawo ca Pakati, kunapeza cizindikiro ca chikungunya mwa anthu oposa mmodzi pa atatu alionse. Akatswiri a pa University of Zambia, pamodzi ndi anzao a ku Hokkaido m'dziko la Japan, anapezanso vairasi wa West Nile mu udzudzu wogwidwa m'cigawo ca Kumadzulo. 

Kwa anansi moto uli kuyaka poyera. Dengue inagwa ku Luanda mu 2013, ku Pemba ndi Nampula m'dziko la Mozambique mu 2014, ndi ku Dar es Salaam mu 2014 ndi 2019, pamene odwala anapitirira 6,000. Pa dziko lonse lapansi, m'caka ca 2024 cokha, bungwe la za umoyo la WHO linalandira mbiri ya odwala oposa 14 miliyoni. Ndipo pa Intercity pomwe paja pamene mai wa ku Katete amatsikira, pamaimanso mabasi a ku Nakonde, odzala ndi amalonda a ku Kamwala ndi ku Soweto amene amakaoda katundu ku msika wa Kariakoo mu Dar es Salaam. Munthu wolumidwa kumeneko amayamba kudwala patapita masiku 4 kufikira 10, ndiko kuti angathe kufika kwao ku Chelstone ali bwinobwino, nadwala atamasula kale katundu. Udzudzu wa Aedes ukamuluma m'masiku a kutentha thupiwo, pakapita masiku 8 kufikira 12 umakhala wokonzeka kupatsira aliyense wa pakhomopo.

Kukwera kwa malo a Lusaka ndi cisanu ca mwezi wa Juni ndi Julai zimaubweza m'mbuyo udzudzu, ndipo malungo ndi ocepadi mu mzindawu poyerekeza ndi Luangwa kapena Luapula. Koma mzinda umapereka kwa Aedes cimene mudzi sungapereke cambiri cotere. Pa cilala ca 2024, madzi atacepa ku Kariba, magetsi anali kuzima mbali yaikuru ya tsiku, mapampu naleka kukoka madzi, ndipo panalibe khomo lopanda mgolo kapena zigubu. Ku mafulati a Kabwata ndowa zimakhala pa khonde, ku Chelstone migolo iri kuseri kwa nyumba. Ku Kabulonga ndi Woodlands, kumene anthu amaganiza kuti mpanda wa njerwa umatsekera zonse kunja, ndiko kuli miphika ya maluwa yothiriridwa tsiku ndi tsiku, matanki osavundikira bwino, ngalande za pa denga zodzala masamba, ndi madamu osambiramo amene eni ace analeka kuwasamala. Udzudzu uwu suuluka mtunda wautali. Umene waluma mwana unaswedwa pakhomo pomwepo kapena kwa mnansi.

ZOYENERA KUNENA PA CIPATALA

Cithandizo ca ana a sickle cell cakula m'zaka zino. Mu 2021 kunayambika nchito yopima makanda ongobadwa kumene pa UTH ndi pa cipatala ca ana ca Arthur Davison ku Ndola, potenga kadontho ka magazi ku citendene. Mwana wodziwika msanga amalandira penisilini, folic acid, akatemera ndi mankhwala ochinjiriza malungo. Alipo ndi mankhwala ochedwa hydroxyurea, amene poyesedwa kwa ana a ku Angola, Congo, Kenya ndi Uganda anacepetsa kupweteka kwa mafupa ndi imfa, nacepetsanso malungo ndi theka, monga kunafalitsidwa mu 2019. Mnyamata ndi mtsikana angathenso kupimitsa magazi ao ankhoswe asanakumane, kuti alowe m'banja akudziwa mbeu zimene asenza.

Koma mwa mankhwala onsewa mulibe opha vairasi wa dengue kapena wa chikungunya. Cimene cipatala cimacita ndico kusunga wodwala ndi madzi oyesedwa bwino, ndi magazi ngati afunika, kufikira thupi litapambana lokha. Cifukwa cace nthawi yofikira ku cipatala ndiyo imalekanitsa moyo ndi imfa. Mwana wa SS akatentha thupi apite tsiku lomwelo, osayamba wapita kukatemera mphini, pakuti mphini kwa wodwala dengue zingathe kukha magazi osaleka. Akapimidwa cala napezeka kuti alibe malungo, mai asabwerere kunyumba ndi mtima wakuti palibe kanthu, ndiponso asakagule Coartem pa kantemba. Anene poyera kuti, "A Sisita, mwanayu ndi wa sickle cell," ndipo ngati pakhomo pali munthu amene wabwera kumene kucokera ku Tanzania kapena ku Mozambique, achule zimenezo ngakhale sanafunsidwe.

Dengue iri ndi cinyengo cace. Ngozi yaikuru imadza pamene thupi layamba kuzizira, pakati pa tsiku lacitatu ndi lacisanu ndi ciwiri, nthawi imene makolo amati mwana wacira. Kupweteka kwa m'mimba, kusanza kosalekeza, magazi m'nkhama, manja ozizira, kugona kosadzutsika, ciriconse ca izi ndi cobwerera naco ku cipatala ngakhale pakati pa usiku.

Neti igwirabe nchito yace usiku, ndipo mwana wogona usana agonenso m'neti momwemo, atavala zobisa miyendo ndi mikono. Koma nkhondo ya Aedes iri pa mgolo. Dzira lace limasanduka udzudzu wouluka m'masiku 7 kufikira 10, cotero ciwiya ciriconse cosungira madzi civundikiridwe, ndipo kamodzi pa mlungu cikhuthulidwe. Kukhuthula kokha sikukwanira. Udzudzu uwu suikira mazira pa madzi, koma umawamata m'mbali mwa ciwiya, pamwamba pang'ono pa madziwo, ndipo mazirawo amakhala amoyo miyezi yambiri ali pouma, kudikira madzi ena. Ayenera kukwecedwa ndi burashi kapena cisa ca cimanga ndi sopo.

Migolo yopanda kanthu ndi matayala akale ndi katundu amene anthu amakonda kugula mu Lusaka pobwerera kumudzi, mgolo wa madzi a pa dimba, tayala la ngolo ya ng'ombe. Katundu wotere akwecedwe m'kati asanakwezedwe pa basi ya ku Chipata.